Mmene mungamvere maganizo enieni a ana pa tsiku la mabanja kumyuziyamu

Chaka chilichonse mwezi wa Meyi ukamayandikira, pamene nyumba zosungirako zinthu zakale padziko lonse zimakumbukira tsiku lawo pa 18 Meyi, ndimalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa achinyamata odzipereka, aphunzitsi a Sande sukulu ndiponso anzanga amene timathandizana kulandira alendo. Onse amati, "Takonza tsiku la mabanja, nanga tidziwa bwanji ngati ana asangalala nalo?" Ndakhala ndikuyankha mwachidule, nthawi zina titaima podikira minibasi pa Chichiri, koma yankho lachidule limasiya mbali imene ili yovuta kwambiri pa ntchito yonseyi. Choncho ndalemba zonse pano kamodzi, kuti wofunsa wotsatira ndidzangomulozera.

Ndikamati myuziyamu ndikunena nyumba yosungirako ndi kuonetserako zinthu zakale ndi zachikhalidwe, monga ija ya pa Chichiri, imene inayambira ku Mandala House mu 1960 isanalowe m'nyumba yake ya lero mu 1966. Ndikamati tsiku la mabanja ndikunena tsiku limene ana amabwera ndi makolo awo, agogo kapena achemwali awo, osati ulendo wa sukulu womwe ana amafika atavala yunifolomu ali pa mzere kumbuyo kwa aphunzitsi. Kusiyana kumeneku musakuiwale, chifukwa pa tsiku la mabanja mwana amakhala pafupi ndi munthu amene amamuyankhira mafunso tsiku ndi tsiku, ndipo ana amakhala a misinkhu yosiyana kwambiri, kuyambira wa kumsana mpaka wa ku sekondale.

1. Yambani mwasankha zimene mukufuna kudziwa.

Musanagule pepala ngakhale limodzi, khalani pansi ndi anzanu ndi kulemba mafunso awiri kapena atatu okha amene mayankho ake angakuchititseni kusintha kanthu. Ngati simungathe kumanga chipinda chatsopano, musafunse ana ngati akufuna chipinda chatsopano. Koma mutha kusintha nthawi yoyambira, kutalika kwa nthano, malo okhala, chilankhulo cha wolondolera alendo, ndi dongosolo la zochitika, ndiye funsani za zimenezo. Ambiri amalakwitsa polemba mafunso 15 pofuna kukondweretsa amene anathandiza ndi ndalama, ndipo mwana akafika pa funso lachinayi amakhala atatembenukira kale kumene anzake akusewera.

2. Pemphani chilolezo kwa kholo, ndiponso kwa mwanayo.

Pachipata pomwe, polandira banja, uzani kholo m'mawu ochepa kuti pakati pa mwambo mudzacheza ndi ana kuti mumve zimene zawasangalatsa ndi zimene sizinawasangalatse, ndipo kuti simulemba dzina la mwana kapena la sukulu yake. Kholo likavomera, funsaninso mwanayo payekha, ndipo akapukusa mutu mulekeni apite popanda kumunyengerera. Pangano la United Nations lokhudza ufulu wa ana, lomwe dziko la Malawi linalivomereza mu 1991, limanena m'ndime 12 kuti mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa zinthu zomukhudza, koma ufulu wolankhula si lamulo loti alankhule. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kotero mtsikana wa Fomu 2 amene wabwera ndi ang'ono ake nayenso ndi mwana, ngakhale kuti tsiku limenelo ndiye akuyang'anira anzake.

Musajambule nkhope za ana pafoni n'cholinga chokaika pa Facebook kapena pa WhatsApp popanda chilolezo chapadera cha kholo. Ngati mukufuna umboni wa ntchito, jambulani zithunzi zimene anawo ajambula, kapena manja awo ali pa ntchito. Ndipo musakhale nokha ndi mwana pamalo obisika: kucheza konse kuzichitikira poonekera, pamene kholo likhoza kukuonani ngakhale silikumva zimene mukukambirana.

3. Konzani zipangizo, malo ndi nthawi.

Simukusowa kompyuta. Pezani mkeka kapena mphasa ziwiri, mapepala opanda mizere, makrayoni, kope limodzi lolimba, zitini zinayi zokhala ndi zivindikiro, ndi zitsekerero za mabotolo zotsuka bwino. Boolani kabowo pa chivindikiro chilichonse, ndipo pa chitini chilichonse matanipo chithunzi cha chochitika chimodzi cha tsikulo, mwachitsanzo kuona mutu wa sitima yakale, kumvera nthano, kuumba ng'ombe za dothi, ndi kuimba ng'oma. Ana adzavota poponya chitsekerero m'chitini cha chochitika chimene achikonda. Zitsekerero zikhale za mitundu iwiri, wina wa ana aang'ono ndi wina wa okulirapo, kuti powerenga mudzadziwe kuti ndani anakonda chiyani. Ana osakwana zaka zitatu musawapatse, chifukwa amaika kukamwa.

Malo akhale pamthunzi ndiponso patali pang'ono ndi chipata chotulukira. Pa nkhani ya nthawi ndipamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti maganizo amafunsidwa pamapeto penipeni. Pamapeto mayi wochokera ku Bangwe kapena ku Machinjiri amakhala akuganiza za minibasi ndi za ndiwo zamadzulo, mwana wamng'ono akulira ndi njala, ndipo wamkuluyo akukokedwa dzanja. Yalani mkeka pakati pa mwambo, ana atatha kuona zinthu zambiri koma asanatope, ndipo muusiye pomwepo mpaka kumapeto kuti azibwera mwakufuna kwawo. M'mwezi wa Okutobala chitani zimenezi dzuwa lisanafike pamutu, ndipo m'nyengo ya chiperoni lowetsani mkekawo pakhonde.

4. Gawani ana potengera misinkhu.

Ana a zaka 4 mpaka 6 amayankha bwino pojambula ndi poloza. A zaka 7 mpaka 11 amatha kuvota ndi zitsekerero ndi kufotokoza chifukwa chake. Okulirapo amakonda kulemba okha kapena kucheza awiriawiri, ndipo amanyansidwa mukawapatsa makrayoni ngati a ku mkaka. Mukawasakaniza, wamkulu amayankha poyamba ndipo ang'ono onse amangobwereza mawu ake.

5. Dutsani pa "zinali bwino".

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo malangizo ambiri amene mungawerenge sanenapo kanthu, chifukwa analembedwa poganizira ana oleredwa mwanjira ina. Mwana wa kwathu kuno waphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kuti munthu wamkulu satsutsidwa, kuti mlendo akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, ndiponso kuti sunena kuti chakudya cha eni ake sichikukoma. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikufuna kuti uthe. Koma zotsatira zake n'zakuti mukaima pamaso pa mwana ndi kope m'manja n'kufunsa kuti, "Zinali bwanji?" iye amayang'ana pansi n'kunena kuti, "Zinali bwino." Sakunama ayi. Akukupatsani yankho limene mwana wamakhalidwe amapereka kwa wamkulu, ndipo inu mukalilemba m'kope ngati maganizo ake mwadzinamiza nokha.

Ine ndinaphunzira zimenezi pa chionetsero china chimene tinakonza m'holo ina muno mu Blantyre. Tinasindikiza mapepala a mafunso okhala ndi tinkhope tatatu, kosekerera, kongokhala ndi kokwiya, ndipo madzulo titawerenga tinapeza kuti pafupifupi onse anachonga kosekerera. Tinasangalala, mpaka mnzanga wina anaona kuti zolemba za pamapepala ambiri zinali za dzanja la munthu wamkulu. Tsiku lotsatira tinasiya mapepalawo n'kungoyala mkeka ndi makrayoni. Mtsikana wina wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi anajambula mizere italiitali yoimirira, yambiri, yodzaza pepala lonse, ndipo pamwamba pake panalibe mitu. Nditamupempha kuti andiuze za chithunzi chake, anayankha motsitsa mawu, chala chili pa pepala, kuti, "Ndi miyendo ya anthu, amalume." Matebulo athu anali aatali, akuluakulu anaima kutsogolo, ndipo mwanayo anayenda m'holo monse osaona china koma miyendo ndi zitenje. Pa pepala la dzulo lija nayenso akanachonga kankhope kosekerera.

Choyamba, musafunse gulu lonse pamodzi. Mukafuula kuti, "Ana inu mwasangalala?" adzayankha onse kuti "Eeee!" monga amachitira m'kalasi, ndipo phokoso limenelo silikuuzani kanthu. Chezani ndi mwana mmodzi kapena awiri ogwirizana.

Chachiwiri, khalani pansi. Musaime, musakhale pampando mwana ali pamkeka, ndipo musamuyang'anitsitse m'maso. Khalani pambali pake, nonse mukuyang'ana chithunzi kapena chidole chadothi chimene waumba, chifukwa mwana amamasuka pamene maso a wamkulu ali pa chinthu osati pa iye. Akayang'ana pansi musanene kuti "ndiyang'ane", poti kumeneko ndi kulemekeza, si kubisa kanthu. Wofunsa asakhale yemwe uja anasimba nthano kapena kulondolera gulu, chifukwa palibe mwana angauze munthu pamaso kuti nthano yake inatalika. Ngati pali wachinyamata wodzipereka amene ana akumuitana kuti achimwene kapena achemwali, mpatseni ntchitoyi iyeyo, osati bwana wovala tayi.

Chachitatu, patsani kholo ntchito yake. Kholo likaima pamutu pa mwana, mudzamva mawu akuti, "Yankha bwino iwe, usandichititse manyazi," ndipo kucheza kwatha pomwepo. Musalithamangitse, chifukwa kutero n'kupanda ulemu ndipo lili ndi ufulu woona mwana wake. M'malo mwake nenani kuti, "Mayi, inunso tili ndi mafunso anu apo pa benchi, mwanayu ticheza naye pompano mukumuona." Makolo ambiri amakondwa kufunsidwa, ndipo mumapeza maganizo a mbali ziwiri amene nthawi zambiri sagwirizana: kholo limayamikira zimene mwana waphunzira, pamene mwana akukumbukira kuti anamuletsa kugwira ng'oma.

Chachinayi, ndipo ichi n'chimene chimatsegula pakamwa, mpatseni mwana njira yodzudzulira popanda kuoneka wamwano. Musafunse kuti, "Wasangalala eti?" chifukwa yankho mwaliika kale m'funsomo. Musafunsenso kuti, "Waphunzirapo chiyani?" chifukwa limeneli limamveka ngati mayeso, ndipo mwana amayamba kusakasaka yankho lokhoza. Funsani mafunso amene amadutsira mwa munthu wina, monga awa: "Ukafika kunyumba, agogo akakufunsa zimene waona, uyamba kuwauza chiti?" "Mnzako atabwera mawa, ungamutengere pati poyamba?" "Nanga ndi pati pamene ungamuuze kuti tiye tingodutsa?" "Ndi pati pamene miyendo inayamba kuwawa?" "Pali chimene umafuna kugwira koma sunaloledwe?" Mwana amene sanganene kuti chipinda chakutichakuti chinamutopetsa amanena mosavuta kuti mnzake angatope nacho, ndipo apo wakuuzani zoona ulemu wake uli chikhalire.

Chachisanu, phunzirani kudikira. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka khumi musanalankhulenso. Ambirife timaopa kachetechete ndipo timathamangira kumuthandiza mwana kuti, "Sitima ija eti?" Iye amagwedeza mutu, ndipo talemba maganizo athu m'dzina lake. Akayankha, musanene kuti "wakhoza" kapena "ayi, si choncho". Nenani kuti "ndamva", kapena bwerezani mawu ake omwewo, kenaka funsani kuti, "Chinanso?" Kawirikawiri yankho lachiwiri kapena lachitatu ndilo limakhala lake lenileni. Pa chithunzi musafunse kuti, "N'chiyani chimenechi?" popeza mwana amamva ngati wajambula zosaoneka. Nenani kuti, "Tandiuza za chithunzi chakochi."

Mulekeni ayankhe m'chilankhulo chimene chabwera pakamwa pake, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chingerezi, chifukwa mu Blantyre muli ana a zilankhulo zonsezi, ndipo amene akuvutika kupanga chiganizo cha Chingerezi amasankha mawu afupi amene akuwadziwa, osati amene akuwaganiza.

Pa kuvota ndi zitsekerero, bisani zitini kuseri kwa chitenje chopachika kuti mwana aliyense aponye payekha. Musagwiritse ntchito mabotolo oonekera mkati, chifukwa ana amaponya mmene aona kuti mwadzaza kale. Ndikukulangizaninso kuti avotere zochitika osati tinkhope, poti mwana wamng'ono amasankha kankhope kosekerera chifukwa choti ndi kokongola. Ndipo ngati muli ndi masiwiti kapena mabisiketi, gawirani ana onse nthawi ina yosiyana ndi ya mafunso. Mukapereka siwiti kwa amene wayankha, mwagula mawu akuti "zinali bwino", ndipo mudzaona ana omwewo akubwerera pa mzere kawiri.

6. Yang'anani ndi maso zimene pakamwa sipanena.

Sankhani munthu mmodzi amene ntchito yake tsiku limenelo ndi kungoona ndi kulemba. Aone kumene ana amathamangira akangolowa, pamene amaima nthawi yaitali, pamene amayamba kukoka chitenje cha mayi awo, ndi pamene amaimirira ndi zala kuti aone. Pa Chichiri, mwachitsanzo, angathe kuyerekeza nthawi imene ana amathera panja pa mutu wa sitima ndi imene amathera mkati pa mwala uja unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981, ndipo alembenso mafunso amene ana amafunsa makolo awo ali pamenepo, chifukwa funso la mwana limaonetsa chimene chamugwira mtima kuposa yankho lake.

Samalani pomasulira mantha. Mwana akabisala kumbuyo kwa agogo ake ataona zigoba za Gule Wamkulu, musafulumire kulemba kuti sanazikonde, popeza ana ambiri amaopa chinthu n'kumafunabe kuchionanso. Mufunseni pambuyo pake kuti, "Ungafune kudzazionanso?" Koma musamufunse mwana kuti afotokoze za kuseri kwa chigoba. Gule ameneyu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, ali ndi zinsinsi zake za kudambwe, ndipo funso lotere limaika mwana ndi kholo lomwe pamalo ovuta. Chimodzimodzinso pa zinthu zokumbutsa malonda a akapolo: mwana akangoti zii, musamukakamize kulankhula, ingolembani zimene mwaona ndi kudziwitsa kholo.

Woyang'anayo asaiwale ana amene safika pamkeka pawokha: woyenda pa njinga ya olumala, wosamva, wachialubino amene akuthawa dzuwa, ndi mtsikana uja wabereka mng'ono wake tsiku lonse. Pitani kumene ali. Maganizo awo ndi amene amaulula masitepe ovuta, zolemba zing'onozing'ono ndi kusowa kwa mthunzi.

Nthawi zina mwana akapeza wamkulu womumvetsera amaulula zinthu zosakhudza myuziyamu, monga nkhanza za kunyumba. Musamulonjeze kuti musunga chinsinsi, ndipo musayambe kufufuza nokha. Mvetserani modekha, dziwitsani amene akutsogolera mwambowo, ndipo imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116 kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi.

7. Lembani tsiku lomwelo, m'mawu a mwanayo.

Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani zaka za mwana ndi mawu ake monga anawanenera, osakonza galamala ndiponso osawatembenuzira m'Chingerezi cha lipoti. Mawu akuti "ndi miyendo ya anthu" akasanduka "ana ena anavutika kuona", mphamvu yake yatha ndipo palibe amene adzatsitse tebulo. Mwana akafuna kupita nacho chithunzi chake, mpatseni, inu mungochijambula pafoni. Alendo akangotuluka, musanapinde mikeka, khalani pamodzi mphindi 20, tsegulani zitini, werengani zitsekerero mtundu ndi mtundu, ndipo aliyense anene chimodzi chimene chamudabwitsa. Mukadikira mpaka Lolemba mudzakumbukira zokoma zokhazokha.

8. Sinthani kanthu, ndipo auzeni anawo.

Powerenga, musasandutse ana 25 kukhala maperesenti ngati kuti mwachita kalembera wa dziko. Nenani chiwerengero chenicheni, ndipo kumbukirani kuti zitsekerero zimakuuzani chimene chakondedwa pamene mawu ndi zithunzi zimakuuzani chifukwa chake. Dandaulo la mwana mmodzi yekha musalitaye chifukwa choti ndi mmodzi, pakuti pamene mmodzi walimba mtima kunena, pali ena angapo amene anangoti zinali bwino. Gawani zonse m'magulu atatu: zimene mungasinthe sabata yomweyo popanda ndalama, zofuna ndalama, ndi zimene sizingasinthike, monga lamulo loletsa kugwira zinthu zakale zosachedwa kuwonongeka. Pa gulu lachitatuli funani njira ina, monga kuika pambali mtondo, lichero kapena ng'oma ya masiku ano imene ana angagwire momasuka.

Pa tsiku la mabanja lotsatira, pachikani pakhomo pepala lalikulu pa msinkhu wa maso a mwana, osati a inu, lolembedwa m'Chichewa ndi zilembo zazikulu, mbali imodzi "Munatiuza" ndi mbali ina "Tachita". Pansi pa "Munatiuza" lembani mawu a ana omwe aja popanda maina, ndipo pansi pa "Tachita" lembani zoona zokhazokha: kuti matebulo atsitsidwa, kuti ana azikhala kutsogolo, kuti nthano yafupikitsidwa. Chimene mwalephera kuchita chilembeninso, pamodzi ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Popeza ambiri mwa ang'onoang'ono sanayambe kuwerenga, wolandira alendo awerenge pepalalo mokweza mwambo usanayambe, kenaka awalozere pamene pali mkeka ndi zitini za tsiku limenelo.